Chipepeso Chinanditsata ku Banki Yatsopano

Mkazi wanga atamwalira, azimayi a kutchalitchi anaika nambala ya akaunti yanga pa gulu la pa foni la Amalawi, monga timachitira kuno kunja kwa dziko lathu: aliyense aponyemo kangachepe, thupi lipite kumudzi. Linapitadi. Ine ndinabwerera m'nyumba ya khonsolo ku Braunstone ndi msana umene ndinauthyola ponyamula katundu kuweyahausi, n'kumakhalira mabenefiti, ndalama zimene boma limapatsa olephera kugwira ntchito. Lendi inkachokera momwemo. Mapepala ndinali nawo onse, musandiyang'ane choncho.

Koma maliro sanatuluke mu akaunti muja. Anthu athu akasunga nambala mufoni, sachotsa. Zovuta zikagwa ku Nottingham kapena ku Derby, munthu wotopa ndi shifiti amangodina pamene anadina ulendo watha uja. Ndalamayo n'kugwera ine, ndi mawu oti "pepani". Ndikulumbira, nthawi zina ndinkamva za imfa ya munthu kuchokera kubanki adzukulu ake asanamve. Foni ikalira ndili pa basi, ndinkavula chipewa ndisanaione. Kenako ndiyambe kufunsa kuti watisiya ndani, n'kutumiza ndalamazo kwa anamfedwa. Sindinadyepo ngakhale ya buledi. Chipepeso cha eni chimazizira m'manja.

A ku ofesi ya mabenefiti anaitanitsa masitetimenti a kubanki. Mayi wa kumeneko, waulemu wake, anafunsa kuti anthu onsewa amandilipira pa ntchito yanji. Ndinati ntchito ndilibe, anthu angofa. Anamvetsera bwinobwino, n'kunena kuti ndalama zikapitiriza kulowa ndi kutuluka choncho, ayamba aimitsa zanga za boma mpaka amvetse. Zikaima, lendi yaima. Lendi ikaima, nyumba yapita, pamodzi ndi makatani amene mkazi wanga anasoka yekha, ofupika mbali imodzi.

Ndiye ndinaganiza zothawa. Ndinapita kubanki ina m'tauni kukaswicha akaunti, kuisamutsira kumeneko. Mayi wa pakauntala anandiuza monyadira kuti ndisavutike ndi kanthu: akaunti yakale itsekedwa, ndipo chilichonse chotumizidwa kumeneko chizinditsata chokha. Ine ndinkaganiza za mabenefiti basi. Ndinathokoza, mpaka kuwomba m'manja pang'ono.

Tsiku limene akaunti yatsopano inayamba kugwira ntchito, ndalama yoyamba kulowamo sinali ya boma. "Pepani." Ndinakhala pansi m'khitchini. Khadi inali ikadanunkha envulopu, koma akufa anali atafika kale, asanafunse ndi njira yomwe. Ndikunenetsa, ketulo inasiya yokha kuwira.

Ndinayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kuti andichotse m'mafoni mwawo. Ambiri anaseka n'kudilita pomwepo. Mwamuna wina wa ku Zambia anati ndikanakhala wochenjera bwenzi nditagula kale galimoto. Anatsala mmodzi: mayi wina wa ku Corby, namwino wopuma, mnzake wa mkazi wanga wa ponda apa m'pondepo kuyambira kusukulu ya unamwino. Ameneyo saphonya maliro, ngakhale a munthu amene anangomuona kamodzi paukwati. Pafoni ankangoti, "Chabwino alamu, ndamva." Maliro otsatira, pepani uja n'kubweranso. A ku ofesi anaimitsadi ndalama zanga, ndipo a khonsolo anayamba kufunsa za lendi.

Ndinakwera ulendo wa ku Corby, msana ukulira pa bampu iliyonse. Ndinawapeza akusita.

"Alamu, mwaonda. Boma silikukudyetsani?"

"Lasiya, chifukwa cha inu."

"Ine? Ine ndimatumiza kwa anamfedwa."

"Mumatumiza kwa ine, amayi."

"Nanga inu si anamfedwa? Munasiya liti?"

Ndinangoti andibwereke foni. Anachedwa nayo, kuipukuta pa chitenje, kufunafuna magalasi amene anali pamphumi. Atatsegula pa anthu amene amawatumizira ndalama, ndinaona. Akaunti yanga sanailembe dzina langa, kapena kuti maliro, monga enawo. Anailemba dzina la mkazi wanga, lija la pa utsikana, limene ine ndemwe ndinali ndisanalitchule chiikireni maliro.

"Ndimadziwa kuti zimafikira inu," anatero. "Inu mumapereka kwa eni ake, si choncho? Ine ndimangofuna zidzere kwa iye. Maliro onse tinkapita limodzi. Ndipite ndekha tsopano?"

"Anditulutsa m'nyumba, amayi."

"Ndiye chotsani nokha. Ine chala changa ayi. Ndinamutseka kale maso kuchipatala, sindingachite kawiri."

Anabwerera ku simbi yawo, kusita malaya amene anali atawongoka kale. Ine ndinakhala ndi foni ija m'manja. Ndinadina. Inandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikizadi. Palibe anandifunsapo funso limenelo, ngakhale pa bwalo la ndege pamene ankakweza bokosi. Ndinadinanso. Dzina linachoka, maina a m'munsi n'kusendera m'mwamba kutseka malowo, msangamsanga ngati anthu pa benchi ya m'tchalitchi.

Ndikulumbira, foniyo inapepuka. Mayi aja ataitenga anaiyeza m'manja, n'kuiika patali, pamwamba pa firiji.

"Mumwa tiyi, alamu?"

"Ndimwa."

Anatulutsa makapu atatu, n'kubweza imodzi.

A ku ofesi anaonanso masitetimenti, napeza akaunti ili zii, ngati ya munthu wopanda abale. Anakhutira, mabenefiti anayambiranso, lendi inalipidwa. Nyumba ndikadalimo. Mayi a ku Corby sanandiimbirenso. Timakumana pa maliro, iwo mbali ya azimayi, ine mbali ya abambo, ndipo amandipatsa moni wabwino, wa munthu amene anamudziwapo kale.