Khadi la Nyanga Zitatu ndi Mpanda wa Amalume

Sabata yatha amalume anga anandimangira mpanda. Osati wa udzu ayi, wa pa intaneti.

Mlandu wanga ndi waung'ono. Amalume a Sakala ali ndi shopu ya fotokope pafupi ndi msika wa Katete, ndipo makasitomala awo amapezapo waifai. Ine ndinangouza mnzanga mmodzi pasiwedi. Zoona, ndinamuuza poilemba ndi choko pa bolodi ya Giredi 11, koma ena onsewo ndani anawatuma kuwerenga? Mawa lake khonde la shopu linadzaza mayunifomu, netiweki n'kumakwawa ngati nkhono.

Amalume anakwiya mwaluso. Anatenga kompyuta yakale, n'kuikamo pulogalamu yaulere yoisandutsa fayawolo, ndiye kuti mlonda wa pachipata wosankha foni yolowa ndi yotsala panja. Ndiwayamikire, anachita okha, ndipo pa waya zonse zinayenda. Chinatsala ndi khadi la waifai, kachipangizo kolowetsa m'mimba mwa kompyuta kuti iziulutsa netiweki. Nthawi inali yochepa. Loweruka kunali kubwera gulu la aphunzitsi a ku Vubwi kudzalemba mafomu a pa intaneti, ndipo akanapeza waifai palibe, akanawolokera ku shopu ya kutsidya kwa msewu osabwereranso.

"Amalume," ndinatero Lolemba, "musanagule khadi muyambe mwaona mndandanda wa..."

"Iwe Yotamu, mpanda uwu ndikumangira iweyo. Unamvapo mbuzi ikulangiza womanga khola?"

Ndinawasiya achite zawo. Ndine mwana womvera, funsani aliyense kupatula ahedi.

Anakwera minibasi ya ku Chipata, n'kubwerako ndi bokosi lonyezimira. Khadi lake la nyanga zitatu, zazitali ngati za ng'ombe ya pa ngolo. Analowetsa, n'kuyatsa. Kompyuta inangoti zii, ngati simunalowe kanthu.

Apa ndikuuzeni inu owerenga zomwe amalume anakana kumva. Pulogalamu ya mlondayo siwerenga bokosi, siwerenganso nyanga. Imayang'ana kachipu, kanthu kakuda kokhala ngati kachikhadabo pakati pa khadi. Ili ndi mndandanda wa tichipu timene imatidziwa chinenero chake. Kachipu kakasowa pamndandandapo, khadi ndi mlendo wosamva moni. Ndipo makhadi awiri a dzina limodzi akhoza kukhala ndi tichipu tosiyana, chifukwa opanga amasintha zam'kati osasintha chikuto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poti sanandifunse, ndinawathandiza mwa njira ina. Ndinati mwina nyangazo zikufuna kuloza ku Sinda. Anazilozetsa ku Sinda. Ndinati kapena ku Mozambique. Anatembenuza kompyuta yonse, thukuta kamukamu, amayi wina wodikira fotokope ya kadi ya ku sikelo akuonerera. Kodi ndinalakwa? Munthu akakana nzeru zako zabwino, zotsalazo uzitaye?

Lachitatu anabwereranso ku Chipata. Khadi lachiwiri kompyuta inalizindikira, amalume mpaka anaimba kanyimbo ka ku tchalitchi. Koma linali lomva chabe. Limatha kulumikiza ku waifai ya ena, koma kuulutsa yakeyake kuti mafoni alowe, ayi. Si khadi lililonse limatha ntchito ziwirizi, ndipo wogulitsa sakuuzani, poti nayenso anangoona bokosi.

Tisawaseke okha amalume. Tonse kuno timagula ndi maso. Wailesi timasankha yaikulu, foni timawerenga makamera kumbuyo. Mbewu timatenga ya chithunzi cha chimanga chonenepa pathumba, osafunsa ngati imagwirizana ndi dothi la ku Mkaika. Koma mnyamata akafuna kulowa chikamwini m'mudzi, timamufufuza mpaka kwa agogo ake: ngwa banja liti, amalima kodi, akamwa amatani? Bwanji khadi lolowa m'mimba mwa kompyuta yanu simulifunsa kwawo?

Ndipo china. Akuluakulu mumatituma kukatenga chilichonse, madzi, makala, chenji, koma nzeru ayi. Kufunsa mwana mumakuona ngati kuvula chipewa pamaso pa nkhuku.

Lachisanu masana amalume anakhala pa mpando wawo wa masiku onse, manja m'mutu. Mpandowo ndi kompyuta ina yakufa, yomwe anaiyalira katsamiro zaka zapitazo.

"Yotamu," anatero osandiyang'ana, "mndandanda unkanena uja, uli pati?"

"Mbuzi iyankhe, amalume?"

"Usandiyese, mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye tadzukani pang'ono."

Ndinamasula mpandowo. M'kati munali khadi lakale, lafumbi, la kanyanga kamodzi kopindika. Nambala ya pa kachipu kake ndinali nditaiona kale mwezi watha, tsiku lomwe ndinkafuna pobisa buluzi. Inali pamndandanda, pamzere wa makhadi otha kuulutsa. Sabata yonse amalume ankapita ku Chipata kukafuna chinthu chomwe ankachikhalira.

Tinalipukuta, tinalowetsa, waifai inatuluka. Loweruka aphunzitsi a ku Vubwi analemba mafomu awo onse, mmodzi mpaka anati, "A Sakala, inu ndinu injiniya." Amalume anavomera modzichepetsa.

Atapita alendo, anandiitana. "Tsopano lemba nambala ya foni yako apa, pa oletsedwa. Ndi dzanja lako, kuti uphunzire."

Nambala yake si ija yoimbira, ndi ina yaitali ya zilembo zosakaniza yomwe mlonda amazindikirira foni. Mafoni awiri anali pa tebulo, yanga ndi yawo. Ndinatenga imodzi, n'kukopera mosamala, iwo ataimirira kumbuyo kwanga akugwedeza mutu mokhutira.

Lero ndi tsiku lachitatu foni ya amalume ikukana kulowa pa waifai. Akuti yakalamba. Mawa akukwera minibasi ya ku Chipata kukagula ina, ndipo amva kuti kwabwera ya makamera anayi.

Danga langali la m'nyuzipepala sawerenga, amati ndi za ana. Ndiye ndikufunseni inu: ndiwauze, kapena ndidikire andifunse?