Timapepala ta Amayi Athovu

Amene mumakhala mabenchi a kutsogolo mwaona kale malo amene atsala opanda munthu, pafupi ndi zenera losatsekeka lija. Pamenepo ndi pamene ankakhala mayi amene ana a mumpingo muno anawatcha Amayi Athovu, poti paliponse pamene adutsa ankasiyapo fungo la sopo. Dzinalo analilandira akuseka, mpaka la ubatizo linaiwalika.

Anabadwa m'banja la ana asanu ndi atatu. Sukulu anailekeza m'kalasi yachinayi bambo awo atamwalira, n'kuyamba kuchapa zovala za anthu kuti azing'ono awo adye. Kuwerenga anakudziwira m'buku la nyimbo. Anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa, koma ukwatiwo sanaudyerere: bamboyo anamwalira, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi ndi mpando wosamaliza kukhoma.

Ndipamene anapeza ntchito kuhotela, m'chipinda chochapira cha kuseri, chopanda zenera, chodzaza nthunzi. Mashiti, matawulo, nsalu za patebulo: kuchapa, kufinya, kusita. Mankhwala oyeretsera anawadya m'manja mpaka zala zinachita ming'alu. Tsiku loyamba anafunsa za kalata yowalemba ntchito, akapitawo n'kuwayankha kuti, “Kalata ikubwera, mayi.” Abale, kalatayo inayenda ulendo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero sinafike.

Komabe Loweruka lililonse akaweruka ankatenga nsalu za paguwa kukachapa kwawo. Odwala ankawayendera, pamaliro sankasowa. Ndipo anali ndi chizolowezi chawochawo: mwezi ukatha, ankaika chakhumi mu envulopu pamodzi ndi kapepala ka malipiro kamene ankalandira kuhotela. Ankati, “Mulungu aone yekha kuti sindinamubere.”

Tsiku lina hotela inagulidwa ndi eni atsopano. Anabweretsa makina akuluakulu, anayang'ana imvi za Amayi Athovu, ndipo Lachisanu lomwelo anawaonetsa msana wa njira. Popanda chidziwitso, popanda ndalama ya zaka zimene anagwira. Mlembi wa kuofesi, munthu amene anabadwa iwo atayamba kale ntchito, anati, “M'mabuku mwathu mulibemo, mayi. Inu munali aganyu.”

Mawu amenewo ndi amene anawalasa. Si ndalama ayi. Anabwerera kunyumba akuyang'ana manja awo, akudzifunsa kuti ganyu wake ndi wotani wodya zala za munthu chonchi.

Mwana wawo, amene tsopano anali telala, anakana kuti zithere pomwepo. Anawakokera ku ofesi ya zantchito, iwo akukanakana kuti mkhristu sayenda m'milandu. Mkulu amene anawalandira anawafotokozera mofatsa. Anati kudandaula si kudana ndi munthu. Wantchito sachotsedwa ngati chisanza, ayenera kuuzidwa chifukwa, kupatsidwa chidziwitso, ndi kulandira zake. Ngakhale wopanda kalata ndi wantchito ndithu, bola pakhale umboni. Anzawo akale oti n'kuwachitira umboni anali atabalalika, otsalawo ankaopa kutaya ntchito. “Ndiye tibweretsereni timapepala ta malipiro,” anatero. “Koma musachedwe, nthawi yodandaulira ili ndi malire.”

Panjira anamuuza mwanayo kumene timapepalato tinapita. Mwanayo anati apite pompo akatipemphe.

“Iwe, chimene wapereka kwa Mulungu sukachitenganso ngati mchere wobwereketsa,” anatero mayiwo.

“Amayi, Mulungu anationa kale timeneto! Asungiranji?”

Anamuletsa kuti asayerekeze. Koma mwanayo, mtima ukumuwawa, anapitabe mobisa kwa asungichuma a mpingo. Apa ndiye pamene cholembera chikulemera. Asungichumawo, munthu wathu, woimba nafe, sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti, “Mapepala akale timatentha, mwanawe,” maso ali pafoni.

Nthawi yodandaulira inatha. Amayi Athovu anabwerera kumene anayambira ali mtsikana, kuchapa zovala za anthu pabeseni, msana utapindika. Ife tinkawayamikira kuti ndi odekha. Tinkawatchula m'maulaliki ngati chitsanzo cha kupirira, kwinaku tikuwapatsabe nsalu za paguwa kuti akachape. Kuyamikira n'kosavuta, sikutuluka thukuta. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anawafunsa kuti nkhani ya kuhotela ija inatha bwanji.

Iwo sananyoze munthu. Koma asakunamizeni wina kuti sizinkawapweteka. Mtsikana aliyense wa mumpingo akapeza ntchito, ankamuitanira pambali n'kumugwira dzanja ndi zala zokakala zija. “Kalata akupatsa? Usayambe popanda kalata. Usasaine chimene sunawerenge. Zikavuta, thamangira ku ofesi ya zantchito tsiku lomwelo. Kupemphera upemphere, koma uli panjira.” Atsikana atatu anapeza chilungamo chifukwa cha mawu amenewo.

Chifuwa chimene anachitengera ku nthunzi ndi mankhwala a kuhotela aja chinawagoneka milungu isanu. Masana a tsiku lomaliza anapempha mwana wawo kuti awadzoze mafuta m'manja, poti sankafuna kukafika kwa Ambuye ndi manja othetheka. Anayamba nyimbo yawo ya pamtima, mwanayo n'kuilandira. Pofika ndime yachitatu mwanayo anali akuimba yekha.

Patatha mwezi titawaika m'manda, amayi a mumpingo anakasesa m'chipinda chosungira katundu, chomwenso ndi ofesi ya asungichuma, kufunafuna nsalu zina za paguwa popeza wochapa panalibenso. Pansi pa kabati, kuseri kwa makandulo, anapeza katoni. Zaka zonsezi amayi owerenga zopereka ankaopa kutaya chinthu chimene chadutsa paguwa, ndiye ankangoponya timapepalato m'menemo. Ta Amayi Athovu tinalimo tonse, mwezi ndi mwezi, kalikonse kali ndi dzina lawo ndi chidindo cha hotela. Kuchokera pampando wa asungichuma kukafika pakabatiyo ndi mapazi anayi.

Katoniyo anaipereka kwa mwana wawo Lamlungu lotsatira, ndi mawu ambiri opepesa. Iye sanalire. Anaiika pabenchi pamene amayi ake ankakhala, n'kuitsekula kuti aliyense wodutsa aone.

“Umboni uwu,” anatero. “Amayi anga sanali aganyu.”

Mzimu wawo uuse mumtendere. Ifeyo mtenderewo tisaufulumirire.