Tinafunditsa Silinda Bulangete

Apongozi anga, a Elenala Saulosi, anayamba kuumba mitsuko ali mtsikana kuno kwa Mwambo. Utsi wa udzu wootchera unawaononga chifuwa mpaka kuchipatala anawaletsa. Ndiye asisitere a kumishoni atabweretsa uvuni wa gasi ku kalabu ya amayi mu 1986, tinati ntchito yawo yapulumuka.

Asisiterewo anasamutsidwa tisanazolowere. Tsiku loyamba kuotcha patokha, m'mawa wa Juni, moto unayamba kufooka. Kachitsulo ka pakamwa pa silinda ya gasiyo kanali katayera ngati mchere, kozizira kobaya chala.

"Yagwidwa ndi mphepo iyi," anatero apongozi, n'kutembenukira kwa ine. "Amake Dikisoni, katengeni bulangete langa."

Ndinali nditaonapo asisitere akuikhazika m'beseni la madzi ofunda, koma mtengwa angatsutse apongozi pagulu? Tinaifunditsa ngati mwana wa malungo. Mkatimo kuzizira kunangowonjezeka, moto n'kuzima mitsuko isanapse. Tsiku lotsatira titathiramo madzi, yonse inagumuka.

Akomiti anatseka uvuniwo, ndipo gasi sanabwerenso. Masiku ano apongozi amaingitsa mbalame m'minda ya mpunga ya eni ku Likangala. Nkhuti ya dothi loumbira kuseri kwa nyumba yamera udzu.