Chaka Chimene Chingwe cha Asewere Chinaperewera Mfundo Imodzi

Amene tinalipo pakhonde paja, madzulo a mvula yoyamba, tinali anayi. Panali ine, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wochokera kwa Mavwere koma wokhala pa boma la Mchinji. Panali mwana wa mng'ono wanga, amene mwa mwambo wathu ndi mwana wanga ndithu, ndipo ndinamulera ndine mayi ake atamwalira. Panali mwamuna wake, mkamwini wanga, wa chipembedzo cha Chisikhi, wobadwira ku Chipata, wokonza zigayo, amene sindinamuonepo wopanda nduwira kumutu. Ndipo panali mayi a mkamwiniyo, asewere anga, amene anabadwira kutsidya la nyanja, ku Punjab, nabwera kuno ku Africa ali mtsikana wongokwatiwa kumene.

Banjali linasamukira ku Mchinji dziko litangolowa m'ndale za zipani zambiri. Asewere anabwera nawo, poti amuna awo anali atamwalira. Katundu wawo anali wochepa, koma munali kabokosi kachitsulo kodzaza ndi timabuku ta masiku, kamodzi pa chaka chilichonse. Zilembo zake zinkalendewera pa mzere ngati masamba a fodya m'chigafa. Timabukuto ndito tinkawauza tsiku la mwezi wathunthu, tsiku la mdima, ndi masiku okumbukira aphunzitsi khumi a chipembedzo chawo: wakuti anabadwa liti, wakuti anaphedwa liti.

Ena mwa masiku amenewo ankatidabwitsa. Chaka china mu Juni, mphepo ikuluma, asewere anaika ndowa ya madzi ozizira osakaniza ndi mkaka ndi shuga pamsewu, kuti aliyense wodutsa amwe. Ankakumbukira mphunzitsi wawo wachisanu, amene anazunzidwa mpaka kufa m'nyengo yotentha. Bambo wina wa njinga anamwa, nanjenjemera.

"Agogo, kuzizira konseku? Bwanji osatipatsako tiyi?"

"Kwathu manje kukutentha," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Chipata. "Imwani, musachite ulesi."

Koma tsiku lalikulu kuposa onse linali la kubadwa kwa mphunzitsi wawo woyamba, limene limagwa pa mwezi wathunthu wa mwezi umene iwo amautcha Kataki. Kwa asewere tsikuli linali ndi chinthu chinanso. Pochoka kwawo anasiya mng'ono wawo wamkazi, ndipo sanaonanenso. Awiriwa anapangana kuti chaka chilichonse, madzulo a tsiku limenelo, aliyense aziyatsa nyali yake akuyang'ana mwezi. Kwawoko kumada msanga kuposa kuno, choncho asewere ankati mwezi umayamba wacheza ndi mng'ono wawo, kenako n'kuwoloka nyanja kudzawapeza iwo. Zaka zoposa makumi anayi sanaphonyepo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zinthu ziwiri zinachitika pamodzi. Wachibale amene ankawatumizira timabuku anasamukira kunja, ndipo timabuku tinaleka kubwera. Maso a asewere nawonso anachita ng'ala, mpaka mwezi weniweniwo unasanduka utsi. Tsiku lotsatira chikondwerero cha chaka chimenecho, chimene kabuku komaliza kanawalozera, anandiitana.

"Asewere, inu munapita kusukulu, ndipo simuthamanga. Mukhale maso anga. Muwerenge miyezi yathunthu khumi ndi iwiri kuchokera dzulo. Wa khumi ndi chiwiriwo ndiye wathu."

Anandiphunzitsa kuzindikira kwake: mwezi wathunthu umatuluka dzuwa likungolowa, osati lisanalowe kwambiri, osatinso mdima utakhwima. Ine ndinapota chingwe cha khonje, ndipo tinagwirizana kuti mwezi uliwonse ukakwanira ndizimangapo mfundo imodzi, kuti iwo aziwerenga ndi zala.

Madzulo amenewo ndimawakumbukira ngati maloto aatali amodzi. Ndinkaima pakhonde, n'kumatembenuka uku ndi uku: dzuwa likumira cha ku Kachebere, mwezi ukuphulika cha ku Kamwendo. Asewere ankakhala pampando wa nsungwi, mpango woyera uli kumutu, nkhope atalozetsa kum'mawa.

"Wavala chiyani lero?" ankafunsa.

"Wafiira, asewere. Anthu akutentha tchire."

"Ndiye mng'ono wanga wakwiya. Anali wa mkwiyo kuyambira ali mwana."

Mwezi wina ndinkati wayera ngati ufa, wina ndinkati wazunguliridwa ndi mkombero. Iwo ankayamba kusimba za minda ya tirigu, za ngalande ya madzi imene ankatsukamo mapazi, za njati zoweta zimene zinkagona m'matope. Nthawi zina sindinkadziwa ngati fungo limene ndikumvalo ndi la fumbi la ku Mchinji kapena la kwawoko. Ndikamanga mfundo, ankaisisita nthawi yaitali, ngati mutu wa khanda.

Mfundo ya khumi ndi chiwiri inafika chakumapeto kwa Okutobala. Ndinaona bwino lomwe kuti chaka chathacho chikondwerero chinali mu Novembala. Mango anali adakali aawisi, nyenje zikulira, kumwamba kopanda kamtambo. Koma ndinadziyankha ndekha. Ndinkadziwa kuchokera kwa anzathu Achisilamu a m'masitolo a pa boma kuti mwezi wawo wosala umabwera mofulumirako chaka ndi chaka. Ndinati onse owerenga mwezi amayenda chimodzimodzi. Sindinafunse munthu, pakuti ndinali mphunzitsi, ndipo masamu anga anali olondola.

Tinakonza zonse. Mwana wanga anakazinga ufa wa tirigu m'mafuta a mkaka, nathiramo madzi a shuga, monga apongozi ake anamuphunzitsira. Tinayala mphasa, ndipo anthu a pafupi onse anadya atakhala pansi mofanana, kalaliki wa ku boma pambali pa wolondera chigayo, chifukwa ndiwo mwambo wawo. Masana omwewo mkamwini wanga anafika kuchokera ku Zambia, kumene anakagula zitsulo za zigayo. Anaima pachipata kanthawi, akuyang'ana mphasa ndi anthu. Kenako anandipatsa moni ali chapatali, atanjuta, monga ankachitira nthawi zonse. Anadya, natumikira alendo. Mwezi unatuluka waukulu, ndipo asewere anayatsa nyali yawo akumwetulira.

Patapita masiku atatu, mwana wanga anabwera kunyumba kwanga m'mawa, nakhala pansi pafupi ndi khomo.

"Amayi, andituma ndi bambo a kunyumba. Akuti iwo sangathe kukuuzani pamaso."

"Nena, mwana wanga."

"Ku Zambia anapezako kabuku ka chaka chino. Kanali m'chikwama tsiku lija. Chaka chino kwawoko chili ndi miyezi khumi ndi itatu. Akuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mwezi umodzi amaubwereza, kuti masiku asathawe nyengo. Tsiku lenileni ndi mwezi wathunthu ukubwerawu."

"Nanga bwanji sananene pamene anafika?"

"Amayi, akanakutsutsani bwanji apongozi awo, anthu ali pamphasa?" Anaweramitsa mutu. "Akutinso tisawauze amayi awo. Akondwera kale. Akuti zikhale choncho."

Ndinamvetsa ulemu wa mkamwini wanga, ndipo mpaka lero ndimauyamikira. Koma ndinaganiza za mayi wina wokalamba kutsidya la nyanja, amene adzayatse nyali yake mwezi wamawa, akukhulupirira kuti mkulu wake akuyatsanso, pamene kuno kudzakhala kuli zii. Ndinauza mwana wanga kuti akapepese kwa mwamuna wake m'malo mwanga, chifukwa pa ichi chokha sindikanamumvera.

Ndinawapeza asewere akusankha nyemba ndi zala. Ndinakhala pansi, n'kuwauza zonse, osachotsa ngakhale za kudzidalira kwanga. Anatulutsa chingwe chija, nawerenga mfundo zonse kawiri.

"Ndiye ndinayankhula ndi mwezi wopanda munthu," anatero.

"Inde, asewere. Ndinalakwa ndine."

"Mwezi wobwereza. Mayi anga ankaunena. Kabuku ndiko kankaudziwa, ine ndinkangowerenga." Anapinda chingwecho, nachiika m'thumba la malaya awo. Sanandibwezere.

Masabata otsatirawo sindinapite kukaima pakhonde pawo. Kabuku kanali katapezeka, mwana wawo ankatha kukawerenga pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti maso anga sakufunikanso. Ndinkayang'ana mwezi ndili kwanga, ukuchepa, ukuzimirira, ukubadwanso wopyapyala cha ku Zambia. Zala zanga zinkafuna chomanga.

Tsiku lenilenilo mvula inagwa kuyambira masana. Itakata, mwana wanga anabwera ndi ambulera.

"Akukuitanani. Akuti kabuku sikaona kumwamba."

Sipanakhalenso mphasa kapena alendo. Tinali anayi aja basi. Nthaka inkanunkhira, madzi akudontha kuchokera pamalata, ndipo mitambo inali itatseka kuyambira ku Kachebere mpaka ku Kamwendo. Mkamwini wanga anakhala kumapeto kwa khonde, kabuku kali pamwendo. Asewere anagwira nyali yosayatsa.

"Watuluka?"

"Sindikuuona, asewere."

Tinadikira. Anafunsanso, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Mwana wanga anandiyang'ana mondipempha, ngati akuti ndingovomera. Koma ndinali nditawauzapo kale chinthu chimene sindinachitsimikize, ndipo sindikanabwereza. Ngumbi zinayamba kutuluka pansi pa mtengo wa mango, zikukwera mwakachetechete ngati utsi. Kenako kum'mawa, pamwamba pa mitengo ya bulugamu, mtambo umodzi unayamba kuyera m'mphepete, pang'ono chabe, ngati nsalu imene kuseri kwake kuli kandulo.

"Mweziwo sindikuuona," ndinatero. "Koma pali mtambo umene wayera m'mbali. Kuseri kwake kuli chinthu."

"Ndi mng'ono wanga yemweyo," anatero asewere. "Amabisala akachedwa. Ndigwireni dzanja."

Ndinawagwira dzanja, ndipo tinayatsa machesi pamodzi. Anayamba kuimba motsitsa m'chinenero chawo, mwana wawo akuthandizira kumapeto kwa khonde. Ngumbi zinazungulira nyaliyo. Atamaliza anapisa m'thumba, natulutsa chingwe chija, nachiika m'manja mwanga.

"Mangani ya khumi ndi chitatu. Mawa mupote china."

Ndinapota zingwe zina zinayi asanatisiye. Kuyambira pamenepo, kumayambiriro kwa chaka ndinkatuma mwana wanga kukafunsa mwamuna wake kuti kabuku kakuti miyezi ndi ingati, ndipo iye ankanditumizira yankho kudzera mwa mkazi wake yemweyo.

Kwa inu adzukulu anga, amene magazi anu ndi a kwa Mavwere ndi a ku Punjab: chingwe cha mfundo khumi ndi zitatu chili m'kabokosi kachitsulo, pamwamba pa timabuku ta agogo anu a ku Punjab. Ndikupempha kuti pepala ili mulipinde, muliike momwemo, ndipo lisatayike, kuti wodzatsegula kabokosiko adzadziwe chifukwa chake mfundo yomalizayo inamangidwa mothina kuposa zinzake.