Mpando wa mwana wa telala

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu uja tinkawatcha a Singano, chifukwa anali owonda moti akaima chammbali munkangomva mawu okha. Zaka makumi anayi akhala akupalasa makina osokera, osapita kulikonse. Za galimoto anazidziwa atakalamba, ndipo anazidziwira pamaliro.

Galimotoyo inali ya mwana wawo mmodzi yekhayo, mphunzitsi wamtali ngati mlongoti, amene anangodwala sabata imodzi n'kutisiya. Mkazi wake anapeza ntchito ya unamwino kutsidya kwa nyanja, n'kutenga ana awiri. Galimoto inatsala pabwalo pa a Singano. Kunja ankaipukuta, koma mkati ayi. Matope a nsapato za malemu anauma pakapeti, ndipo a Singano akaweruka ankalowamo n'kungokhala phee, zitseko zotseka.

"Kodi mwakwatiranso?" ankafunsa akazi awo pawindo. "Mumuuze mkazi mnzangayo azikuphikiraninso."

Chaka chachitatu mpongozi anaimba foni. "Bambo, ana akulirira galimoto ya atate awo. Itumizeni pasitima yapamadzi, mapepala ndakonza kale."

Tsiku limenelo a Singano anasoka thumba la buluku chozondoka, koma anavomera. Mdzukulu sakanizidwa.

Lole inanyamula galimotoyo mpaka kukampani ya kudoko, iwo atakhala kutsogolo chipewa chili pamaondo. Kumeneko kalaliki anawawerengera malamulo: mkati musatsale kanthu, mafuta akhale ochepa, ndipo itsukidwe ndi madzi otentha, pansi ndi mkati momwe.

"Matopewo ndi a mwana wanga," anatero a Singano.

"Pepani madala. Dziko limene ikupitalo likapeza dothi ngakhale lodzaza supuni, galimoto imabwezedwa. Amati limanyamula tizilombo."

Anaitsuka iwo akuona. Madzi ofiirira anayenderera pasimenti n'kulowa m'ngalande, a Singano kuwatsatira ndi maso mpaka anayera.

Kenako kunabwera dalaivala woilowetsa mu kontena, kamunthu kafupi ngati mtondo. Atangokhala anapisa dzanja kunsi kuti akokere mpando kutsogolo.

"Iyayi mwanawe! Usausunthe. Mwini wake anausiya pomwepo."

"Madala, miyendo yangayi mwaiona? Ndiponda ndi chiyani, maganizo?"

"Ndidzakusokera buluku laulere. Nsalu yake sichuluka."

Dalaivala anaseka, koma atawayang'ana kumaso anasiya. Anatsetserekera kunsonga kwa mpando, chibwano pachiwongolero, zala za kumapazi zikungokhudza zopondera, n'kuikwawitsa pang'onopang'ono mpaka mkati. Anamanga matayala ndi malamba, zitseko zachitsulo zija phaa, n'kukhoma chidindo.

Kalaliki anawapatsa pepala la nambala, n'kuwauza kuti ifika pakatha masabata asanu ndi limodzi. A Singano analipinda bwinobwino ngati mpendero, koma sanachoke.

"Achimwene," anatero, "nanga wokaitulutsa kumeneko, ndi wamtali?"

Kalaliki anangoyang'ana pansi n'kuyamba kusanja mapepala amene anali atawasanja kale.