Mizere Isanu ndi Iwiri ya Aperekezi

Pasukulu ya zoimbaimba ija, imene ili pamwamba pa sitolo ya matayala, bambo woimba piyano ankatchedwa Aperekezi. Dzinali linachokera pantchito yawo. Wophunzira lipenga akafika tsiku la mayeso, loti aimbe yekha pamaso pa oyesa ndi abale ake, iwo ankakhala chakumbuyo pa piyano n'kumamuperekeza. Iye akathamanga, iwo athamange. Akatsimphina, atsimphine naye. Akasochera, amutsatire kutchire komweko mpaka atulukire limodzi, anthu osadziwa kanthu. Anagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo papepala la mwambo dzina lawo linkalembedwa pansi penipeni, pafupi ndi mawu opempha anthu kuzimitsa mafoni.

Ankayenda chowerama, kulankhula motsitsa, moti ambiri ankawayesa odzichepetsa. Sizinali choncho. Chiyambire pamene anaphunzira pa limba lopopa ndi mapazi, ankakhulupirira kuti zala zawo zinabadwira zazikulu, kungoti dziko ndi logontha.

Chimene chinkawadya mumtima ndi ichi. Lipenga la pasukulupo linali lija lopiringizika ngati matumbo a mbuzi, limene woimba amalowetsa dzanja kukamwa kwake. Mpweya wa munthu ukayenda m'mapaipi onsewo umasanduka madzi, ndipo madziwo akachuluka lipenga limalira ngati munthu akuchukucha m'kamwa. Olemba nyimbo, podziwa zimenezi, amasiya mpata pakati woti piyano imveke yokha, wa lipenga apumitse milomo ndi kukhuthula madziwo. Mpata umenewo ndiwo unali munda wonse wa Aperekezi. Koma akangoti ayambe kuonetsa zala, wa lipenga uja ankazula kapaipi, n'kutembenuza chilipenga chonse kawiri katatu, madzi chuchuchu pansi. Holo yonse maso pamadzipo. Ana kuseka, amayi kufunsana ngati ali malovu. Pofika poti maso abwerere, Aperekezi amaliza kale.

Chaka china analandira kalata yoti akapume pantchito. Mayeso a kumapeto kwa chaka anali omaliza kwa iwo, ndiye anapempha akazi awo, amene anali asanapondeko kusukuluko, kuti adzaonere.

"Ndikaonere chiyani, bambo?" anafunsa mayiwo akusita malaya. "Munthu akaperekeza mlendo kubasi timamuombera m'manja?"

"Ulendo uno pali pamene ndidzaimbe ndekha. Mudzamvetsere bwino."

"Nokha? Zaka zonsezi ndimayesa n'zoletsedwa."

Anavomera kuti adzabwera, mwina pofuna kuti nkhaniyo ithe.

Kiyi wa kabati ya mabuku a nyimbo ankasunga ndi Aperekezi, motero posankha nyimbo ya mayeso mawu awo ankalemera. Woyesedwa pa lipenga chaka chimenecho anali mmodzi, namwino wina amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu masana, atavalabe nsapato zake zoyera zakuchipatala. Mphunzitsi wake anali bambo wonenepa wotchedwa Amasaya, pachifukwa choonekeratu. Atatuwa anakhala pansi m'kachipinda kophunzirira, mabuku atayalidwa pamwamba pa piyano.

Panali nyimbo yofatsa ya masamba awiri, imene aliyense ankakhoza nayo. Panali ina yodumphadumpha ngati ya alenje, yokondweretsa makolo. Ndiye Aperekezi anatulutsa yachitatu, ya mapepala achikasu odyedwa ndi njenjete m'mbali, imene panalibe anaiimbapo chitsegulire sukulu. Inali yaitali, ndipo kumapeto inkakwera mpaka poti milomo ya munthu imachita dzanzi.

"Aphunzitsi, ine ndimati yofatsa ija," anatero namwinoyo.

Aperekezi ndiwo anayankha. "Ijayo ndi ya oyamba kumene, mwana wanga. Oyesa anaimva mpaka kutopa nayo, amangowodzera. Inu milomo yanu ndi yamphamvu, ndinaiona tsiku loyamba."

"Achimwene, mwayamba liti kuona milomo ya anthu?" anatero Amasaya. "Inu pampando wanupo mumaona misana yokhayokha."

Anatenga buku lija n'kumatsegula masamba. Atafika pakati anaima, n'kuwerenga ndi chala. Pamenepo lipenga linali duu, piyano yokhayokha, mizere isanu ndi iwiri yakuda bii ndi timadontho.

"Ohoo! Ndaona munda wa abwana."

"Mpatawo ndi woti milomo yake ipume."

"Inde, inde. Nayenso fisi amati akulondera mbuzi."

Komabe Amasaya anali munthu wosakonda kukangana nthawi ya chakudya itayandikira, ndipo namwinoyo anali atauzidwa kuti milomo yake ndi yamphamvu, mawu amene sanawamvepo kwa munthu aliyense. Nyimbo inasankhidwa yomweyo.

Miyezi itatu anaikonzekera. Aperekezi ankafika m'mawa osesa asanamalize, n'kudzitsekera, kumabwereza mizere yawo mpaka amatayala pansipo anayamba kuiimba ndi mluzu. Koma poyeserera ndi namwinoyo sankaiimba. Sankafuna kuti Amasaya aimve n'kuyamba kuithira ndemanga, ndiponso chinthu chokoma sachivundukula alendo asanafike. Namwinoyo akamaliza liwu lake lalitali lotsekera gawo loyamba, iwo ankakweza dzanja.

"Apa ndi panga, tidumphe. Pumani kawiri, mulowe."

Iye ankapuma kawiri n'kulowa gawo lomaliza. Anachita zimenezi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Sabata yomaliza m'pamene anamulangiza za tsiku la mayeso.

"Loweruka sitidumpha. Mudzawerenge chamumtima mpaka makumi anayi ndi ziwiri. Madzi mudzakhuthule kumapeto kwenikweni, mutatembenukira kukhoma, mwaulemu. Poyamba ponse mudzangoima nji, ngati pamaliro."

"Ndamva, aphunzitsi."

Loweruka masana holo inadzaza. Kunali kotentha, mawindo otsegula, fungo la matayala likukwera kuchokera pansi. Oyesa awiri anakhala patebulo lawo opanda buku la nyimboyo, poti linalipo limodzi lokha. Anzake a namwinoyo anadzaza mabenchi awiri. Akazi a Aperekezi anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, nkhope ngati ya munthu wodikira dokotala. Aperekeziwo anavala jekete laukwati wawo, limene linali litayamba kukana mabatani.

Gawo loyamba linayenda ndithu. Namwinoyo anayamba mwamantha, koma mawu ankatuluka. Anafika pa liwu lalitali lija, analigwira, analisiya bwinobwino. Aperekezi anawongola msana, anakweza manja m'mwamba kuposa mmene ntchito inkafunira, n'kutsitsa zala pa mzere woyamba.

Kutsogolo kwawo mapewa a namwinoyo anakwera kamodzi. Anakweranso kachiwiri. Lipenga linalowa.

Mantha anali atafufuta malangizo a sabata imodzi, n'kusiya zimene thupi linaphunzira miyezi itatu. Anali m'gawo lomaliza, maso ali papepala, osadziwa n'komwe kuti wasiya munthu m'mbuyo.

Njira zinalipo ziwiri. Aperekezi akanatha kupitiriza mizere yawo mwamphamvu. Mawu akanawombana, namwinoyo akanaima pakati manyazi atamugwira, oyesa akanalemba zolemba zawo, koma holo ikanamva zala zija mpaka kumapeto. Mutu wawo unali ukuganizirabe zimenezi pamene dzanja lamanzere linatsegula masamba awiri nthawi imodzi, lamanja n'kugwera pamene panali namwinoyo. Panalibe msoko woonekera. Ngakhale Amasaya, amene anaimirira pakhomo, anangotukula nsidze.

Alipo amene amati umenewu unali mtima wabwino. Si bwino kunamizira munthu. Ng'ombe yapangolo ikafika pamphambano yakwawo imakhota yokha, ndipo palibe amaiyamika.

Poti madzi sanakhuthulidwe, lipenga linayamba kuchukucha chakumapeto. Liwu lapamwamba lija linatuluka lonyowa, koma linatuluka. Anamwino anaimirira ndi nthungululu. Wamkulu wa oyesa analengeza kuti wakhoza, n'kuwonjezera pamaso pa anthu onse kuti ali ndi langizo limodzi kwa woperekeza: asamathamangitse wophunzira, azimupatsako mpata wopuma ndi wokhuthula madzi, poti piyano si mpikisano wa njinga.

Aperekezi anaweramitsa mutu monga ankachitira nthawi zonse. Ena kumbuyo anati taonani kudzichepetsa kwake.

Namwinoyo anabwera akupukuta thukuta, anagwada pang'ono n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, zikomo. Koma makumi anayi ndi ziwiri aja athamanga bwanji! Sindinawamve n'komwe."

"Amatero," anayankha Aperekezi. "Pitani, anzanu akukudikirani."

Anatseka piyano, anabweza buku lachikasu mukabati, n'kupereka kiyi kwa Amasaya. Amasayawo anatsegula pakamwa, koma ataona nkhope ya mnzawoyo anangoika kiyiyo m'thumba.

Akazi a Aperekezi ankadikira pamasitepe, atavula nsapato imodzi imene inkawaluma.

"Mtsikana uja ali ndi mpweya," anatero. "Nanga pamene munkati ndimvetsere bwino paja ndi pati? Ine ndakhala tcheru mpaka khosi kuuma."

"Tinadumphapo."

"Anakuletsani?"

"Palibe anandiletsa."

Mayiwo anawayang'ana kanthawi, kuyambira kumutu mpaka ku batani limene linali litatsala pang'ono kuthothoka. Kenako anavala nsapato yawo n'kuyamba kutsika, atagwira chitsulo cha m'mbali.

"Basi, musadandaule. Mukandiimbira kunyumba."

Kunyumbako kunalibe piyano, ndipo onse awiri ankadziwa.