Umboni wa Mayi Skolastika Mwaipopo

Mayi Skolastika Mwaipopo, amene tawaika m'manda Lachiwiri lapitali, anabadwira ku Tukuyu m'banja la othyola tiyi. Bambo awo atamwalira, masisitere ndiwo anawalera ndi kuwaphunzitsa. Kuno ku Dar es Salaam anaphunzitsa pa yunivesite zaka makumi atatu, za mmene munthu amakumbukirira zinthu ndi mmene amaphunzirira kulankhula. Sanakwatiwe. Loweruka lililonse ankayendera odwala sitiroko a m'parishi mwathu, n'kumawaphunzitsanso mawu amodziamodzi.

Chiyeso chawo chinabwera pamene chigawenga chinapha Deo, mwana wa Mayi Kimaro, mnzawo wa m'kwaya. Mayi Kimaro anamuona wakuphayo kamphindi chabe, akuthawa. Patapita miyezi inayi analoza Shabani, wogulitsa makala, ataona kale chithunzi chake m'nyuzipepala. Loya wa Shabani anapempha Mayi Mwaipopo kuti akafotokoze kukhoti mmene maganizo amasokonezera nkhope za anthu.

Mayi Mwaipopo anasala kudya masiku atatu, kenako anayamba apita kwa mnzawoyo.

"Achemwali, sindikunena kuti mukunama," iwo anatero. "Koma mwina nkhope mukuikumbukayo ndi ya m'nyuzipepala."

"Mabuku anuwo analipo mwana wanga akufa?" anafunsa Mayi Kimaro. "Inu simunaberekepo. Tulukani."

Umboni Mayi Mwaipopo anakaperekabe. Shabani anamasulidwa, ndipo palibe wina amene anagwidwa. A kwaya anasiya kuwapatsa moni, ena n'kumawatcha Yudasi. Iwo anavula yunifolomu ya kwaya mwakachetechete, nasamukira pa benchi ya kumbuyo. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, osajomba Misa, osadandaula kwa munthu. Inenso ndinali mmodzi wa owalambalala.

Khansa itawagoneka ndinalimba mtima n'kukawaona. Ndinawafunsa ngati anali otsimikiza kuti Shabani sanaphe.

"Sindikudziwa, mwana wanga," anayankha. "Ndinalumbira kunena zimene ndikudziwa, ndipo ndinanena zokhazo. Funso lakolo ndadzuka nalo m'mawa uliwonse."

Anapempha kuti tikawaitanire Mayi Kimaro. Uthenga unafika, koma sanabwere. Lachisanu m'mawa, atalandira masakramenti, anati awatsegulire zenera, ndipo anatsirizika mwamtendere korona ili m'manja.

Kumanda tinalipo anthu khumi ndi asanu ndi anayi, kwaya panalibe. Nyimbo anaitsogolera bambo wina wa sitiroko, movutikira, liwu limodzilimodzi.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Ndipo ife a parishi ino, atichitire chifundo.